Mchimwene wanga watha miyezi 7 pa rimandi, akuti fayilo yasowa. Tilowere kuti?

Nachisale
Abale anga a pagulu lino, ndigawireni nzeru. Mchimwene wanga anamangidwa mu Januwale pa nkhani ya mbuzi ziwiri zomwe zinasowa m'khola la munthu wina kumudzi kwathu. Iye akukana. Mbuzi sanamupeze nazo, anangotchulidwa ndi mnyamata wina amene anagwidwa ndi nyama. Anagona m'chitokosi cha polisi masiku 9, anamupititsa kukhoti kamodzi kokha, n'kumutumiza ku rimandi. Chichokereni tsiku limenelo sanaonekerenso pamaso pa majisitireti. Uno ndi mwezi wachisanu ndi chiwiri. Ndikapita kukhoti akuti fayilo ili kupolisi. Ndikapita kupolisi akuti amene amafufuza mlanduwo anasamutsidwa, fayilo sakuiona. Ndalama zanga zathera m'minibasi. Mlamu wanga watsala ndi ana atatu, chimanga chinaonongekera kumunda. Za loya sitingazithe. Kodi pali amene anakumanapo nazo zoterezi?

Wa ku Joni
Pepani achemwali. Koma kunena mosabisa, fayilo sisowa yokha. Pali amene akudikira ya fanta pamenepo.

Mai Busa
Tikukuikani m'mapemphero mayi. Koma inu a ku Joni musawalimbikitse kupereka ziphuphu, mawa akamangidwa iwowo ana aja awasamala ndani?

Wa ku Joni
Sindinati apereke, Mai Busa. Ndangotchula dzina la matenda.

Wophunzira Malamulo ku Zomba
Achemwali Nachisale, sindine loya panobe, koma zimene ndilembe apa zili m'malamulo athu ndipo aliyense angathe kuzitsimikiza.

Gawo 42 la Malamulo Aakulu a dziko lino limati munthu akamangidwa ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48. Ngati maolawo athera pa Loweruka, Lamlungu kapena tsiku la tchuthi, ayenera kuonekera tsiku loyamba lomwe khoti latsegula. Masiku 9 aja anali kale kuphwanya lamulo.

Chachikulu ndi ichi. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la kayendetsedwe ka milandu, lija la Criminal Procedure and Evidence Code, n'kuikamo malire a nthawi imene munthu angasungidwe mlandu wake usanayambe. Pa milandu yozengedwa kwa majisitireti, ngati wa mbuziwu, ndi masiku 30. Pa milandu ikuluikulu monga kupha, kugwirira kapena kuukira boma ndi masiku 90. Boma likafuna kuwonjezera liyenera kukapempha kukhoti, ndipo owonjezerawo sapitirira 30. Nthawiyi ikatha khoti lili ndi mphamvu yomupatsa belo ngakhale iyeyo asanapemphe. Ndiye achimwene anu pa miyezi 7 akusungidwa kunja kwa lamulo. Pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau yomwe ili pafupi nanu. Ndi maloya a boma othandiza osauka. Mutenge tsiku limene anamangidwa, tsiku limene anaonekera kukhoti, ndi nambala ya mlandu ngati muli nayo.

Nachisale
Masiku 30? Ambuye wanga. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuzapo zimenezi, chonsecho ndaponda m'maofesi amenewa kasanu ndi kawiri.

Kalaliki Wopuma
Mwana wangayu walongosola bwino. Ine ndinagwira ntchito m'makhoti a majisitireti zaka zoposa 20, ndiye ndikuuzeni mmene fayilo imasowera, chifukwa si nthawi zonse pamene pamakhala wakuba.

Mafayilo alipo awiri. Apolisi ali ndi yawo, muli masitetimenti a mboni ndi a wodandaula. Khoti lili ndi yake, mmene majisitireti amalemba pamanja zonse zochitika. Kwa majisitireti, woimira boma pamlandu amakhala wapolisi. Iyeyo ndiye ayenera kubweretsa woganiziridwa kuchokera kundende, kuitana mboni, ndi kunyamula fayilo ya polisi. Tsiku la mlandu likafika galimoto n'kukhala yopanda mafuta, munthu sabwera. Majisitireti amangolemba kuti woimbidwa mlandu sanabwere, nthawi zina osaika n'komwe tsiku lina. Basi pamenepo munthu wagwera m'dzenje. Khoti likuyesa kuti apolisi amubweretsa, apolisi akuyesa kuti khoti liitana, akundende akungosunga munthu chifukwa anamulandira ndi chikalata. Chikalata chimenechi chili ndi tsiku lothera, koma ndani amakhala pansi kuwerenga masiku a zikalata mazanamazana?

Ndinaonapo mafayilo atadyedwa ndi chiswe. Ndinaonapo ena atanyowa denga litadontha. Ndipo inde, a ku Joni, ndinaonaponso ena amene anamera miyendo chifukwa cha ndalama. Koma ambiri amene amasowa ndi a anthu amene alibe wowayendera. Fayilo ya munthu wokhala ndi loya sisowa, chifukwa loya amalemba kalata sabata iliyonse.

Wa ku Joni
Ndiye bambo Kalaliki mwavomereza nokha. Chilungamo kwathu chili ndi mtengo. Taonani mlandu wa a Bakili Muluzi wa K1.7 biliyoni. Unayamba 2006, unathetsedwa 2023 popanda chigamulo. Zaka 17 munthu akugona kunyumba kwake. Uyu wa mbuzi ziwiri, zomwe sanamupeze nazonso, miyezi 7 pa simenti.

Bambo a Tadala
Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Adimini
Chonde tisalowetse zipani. Nkhani ya milandu ya akuluakulu ikambidwe ngati nkhani ya makhoti. Wotukwana ndimuchotsa.

Wophunzira Malamulo ku Zomba
Pa mlandu umenewo tinene chilungamo, munthu amene sanapezeke wolakwa ndi wosalakwa, kaya ndi mtsogoleri wakale kaya ndi wa mbuzi. Chimene a ku Joni akulozacho n'choti kuchedwa kwa milandu kumapweteka anthu mosiyana. Wolemera kuchedwa kumamuthandiza, mboni zimamwalira, ena amaiwala, boma limasintha. Wosauka kuchedwa ndiye chilango chenichenicho. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma amene akuwola ndi munthu ali m'selo.

Ndinalawako
Ndakhala ndikungowerenga, koma apa ndiyankhuleko. Ine ndinakhala pa rimandi chaka ndi miyezi iwiri pa nkhani ya ndewu ya kumowa. Pamapeto pake wodandaula sanabwere, anandimasula. Palibe anati pepa.

Achemwali, mukamapita kukamuona musamangomutengera chakudya, muzimutengeranso sopo ndi mankhwala a mphere. Mkati muja mumadyedwa kamodzi patsiku, nsima ya mgaiwa ndi nandolo kapena nyemba, nthawi zina zofumbwa. Amatitsekera dzuwa likadali pamwamba, cha m'ma 3 kapena 4 koloko, kutsegula m'mawa. Amene ali ndi kangachepe kopatsa nyapala, mkaidi woyang'anira anzake, amagona m'mbali mwa khoma. Ena tonse pakati, pamene timati pa shamba. Pa shamba sugona, umakhala pansi mondondozana, mnzako pakati pa miyendo yako, iwe pakati pa miyendo ya wina, mutu pamsana pa wakutsogolo, mpaka kucha. Miyendo imatupa. Wina akatsokomola usiku wonse umangodziwa kuti TB ikugawidwa.

Chimene chinandiwawa kwambiri si njala ayi. Ndinapeza mkulu wina amene anali atakhala zaka zisanu pa mlandu wakupha osaonana ndi jaji. Anali atasiya kufunsa. Tsiku lililonse ankangosoka matumba.

Mai Busa
Mwandiliza bambo. Ife timapitako ndi amayi a mvano pa Khirisimasi, timangoona panja pamene asesa.

Wophunzira Malamulo ku Zomba
Zimene a Ndinalawako akufotokozazi khoti linaziweruza kale. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, mkaidi amene anasumira boma m'malo mwa akaidi onse, Khoti Lalikulu linati kuthithikana kwa m'ndende zathu pamodzi ndi kusowa kwa mpweya ndi nkhanza zosayenera munthu. Linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Werengani nokha zaka zimene zapita. Ndende zathu zonse pamodzi zinamangidwira anthu pafupifupi 7,000, koma zimasunga oposa kuwirikiza kawiri. Ya Zomba ndi ya m'ma 1930, nthawi ya atsamunda. Mu Okutobala 2022 nyuzipepala zinalemba za akaidi ku Zomba ndi ku Chichiri atakhala masiku osadya chifukwa chakudya chinatha.

Za milandu yakupha, vuto lake n'lakuti majisitireti alibe mphamvu yoizenga. Imazengedwa ndi Khoti Lalikulu lokha, lomwe limakhala ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Kuti jaji apite kukazenga milandu ku Nsanje kapena ku Chitipa pamafunika ndalama za mafuta, zogona, za mboni, za loya wa boma ndi wa Legal Aid. Ndalama zikasowa, mkulu uja amapitiriza kusoka matumba.

Bambo a Tadala
Ine maganizo anga ndi ena. Nkhani ya mbuzi ziwiri ikufuniranji polisi, majisitireti, galimoto ndi ndende? Kale nkhani ngati imeneyi inkathera pabwalo la amfumu tsiku limodzi. Mboni zonse zili pompo, aliyense akudziwa khalidwe la mnzake. Wolakwa alipe mbuzi zinayi, nkhuku ya amfumu, basi anthu n'kumakalima. Mwini mbuzi wapeza mbuzi zake. Panopa mwini mbuzi sanapeze kanthu, boma likudyetsa munthu miyezi 7, ana akuvutika. Apindula ndani? Bwezerani mphamvu kwa mafumu.

Wa ku Joni
Mafumu ake ati? Omwe akugulitsa malo amodzi kwa anthu atatuwa?

Bambo a Tadala
Si onse. Nanga majisitireti onse ndi oyera?

Agogo Aphiri
Ana inu, ndikuona ambiri munabadwa zipani zambiri zitabwera. Mawu akuti "mphamvu kwa mafumu" ife amatikumbutsa zina. Mu 1969 boma la Kamuzu linapatsa makhoti a makolo, aja ankati Traditional Courts, mphamvu yozenga milandu ikuluikulu, mpaka yakupha, kenako linadzawonjezera youkira boma. Pampando pankakhala mafumu. Loya sankaloledwa kulowamo. Akakupeza wolakwa sukanachita apilo ku Khoti Lalikulu, unkapita kukhoti lina la makolo lomwelo. Albert Muwalo anaweruzidwa kumeneko, ananyongedwa 1977. Orton Chirwa, amene anali nduna yoyamba ya zachilungamo m'dziko muno, ndi mkazi wake Vera anaweruzidwa kumeneko kuti aphedwe mu 1983. Onse awiri anali odziwa malamulo, koma sanaloledwe kuitana mboni zimene ankafuna. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, Vera anatuluka 1993. Milandu inkathamanga ndithu, sinkachedwa ngati lero. Kuthamanga kumeneko ine sindikufuna kukuonanso.

Bambo a Tadala
Agogo ndakumvani, ndipo sindikutsutsa. Koma ine sindikunena za kunyonga anthu. Ndikunena za mbuzi, malire a munda, ngongole ya feteleza.

Agogo Aphiri
Pamenepo tigwirizana. Bola pakhale malire olembedwa, ndipo wosakhutira akhale ndi kopita. Mayi wamasiye amene akulimbana ndi mphwake wa amfumu pa nkhani ya munda, mukuganiza apambana pabwalo limenelo?

Kalaliki Wopuma
Zimene mukukambiranazi boma linaziyesa. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Local Courts, loti kukhale makhoti ang'onoang'ono m'madera ozenga nkhani zamakolo ndi timilandu tochepa. Anthu ambiri anachita mantha chifukwa cha zomwe Agogo afotokozazi, ndalama nazonso panalibe, lamulolo linangokhala papepala. Chimene ndinachiona chikugwira ntchito ndi maso angawa ndi cha bungwe la PASI, lomwe linayamba kulowetsa maparaligo m'ndende cha m'ma 2000. Anyamata ndi atsikana amenewa si maloya, koma amalowa m'ndende, kulemba maina a amene akhalitsa pa rimandi, kufufuza abale awo, n'kukonza kuti majisitireti abwere kundende komweko. Timati camp court. Tebulo pansi pa mtengo kapena m'kaofesi, majisitireti, woimira boma, ine ndi mafayilo. Tsiku limodzi anthu makumi angapo ankatuluka, ena pa belo, ena milandu yawo itathetsedwa. Maiko ena mu Africa muno anadzaphunzira njira imeneyi kwa ife. Choipa chake, zambiri zimayendera ndalama za mabungwe akunja. Thandizo likatha, tebulo lija limapindidwa.

Achemwali Nachisale, mukapita kundende mufunse ngati kumabwera maparaligo, ndipo mchimwene wanu alembetse dzina.

Mwana wa Wapolisi
Ndikuona apolisi akutukwanidwa kwambiri apa. Bambo anga agwira ntchitoyi moyo wawo wonse. Mukudziwa kuti nthawi zina amagula okha mapepala olembera sitetimenti? Siteshoni yonse galimoto imodzi, yomweyo ipite pangozi ya pamsewu, yomweyo ikatenge mtembo, yomweyo ipititse anthu kukhoti. Ndipo akamutulutsa munthu pa belo, m'mudzi mumati apolisi adya ndalama, mawa mukumuwotcha munthuyo kapena kugenda siteshoni. Achite chiyani?

Ndinalawako
Achimwene, za galimoto ndikuvomera. Nanga makofi ndi zitsulo zimene anandimenya nazo kuti ndivomere, zinalinso chifukwa cha mafuta?

Mwana wa Wapolisi
Zimenezo sindingaziikire kumbuyo. Pepani.

Wophunzira Malamulo ku Zomba
Onse awiri mukunena zoona, ndipo zimalumikizana. Wapolisi amene alibe galimoto, alibe zipangizo zofufuzira, njira yake yachidule ndi kukakamiza munthu kuvomera. Buleya Lule anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu 2019, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission litafufuza linapeza kuti anazunzidwa. Chaka chomwecho kunachitika za amayi a kwa Msundwe amene anagwiriridwa ndi kuzunzidwa ndi apolisi, ndipo mu 2020 Khoti Lalikulu linalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukuta misozi. Bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi, Independent Complaints Commission, linalembedwa m'lamulo la apolisi la 2010, koma linadzayamba ntchito patapita zaka pafupifupi 10.

Koma a Mwana wa Wapolisi akhudza chinthu chimene ife anthu wamba sitifuna kumva. Ambiri timaganiza kuti belo ndi kumasulidwa. Tikamuona woganiziridwa pamsika timati mlandu wagulidwa. Ndiye majisitireti ndi apolisi amaopa kupereka belo, ndende n'kumadzaza. Kumbukirani ku Neno mu Januwale 2016, agogo anayi anaphedwa powaganizira ufiti. Ku Nsanje mu Malichi chaka chomwecho anthu asanu ndi awiri anawotchedwa. Anthu akataya chikhulupiriro m'makhoti amaweruza okha, ndipo pabwalo limenelo palibe apilo.

Mai Busa
Funso langa: belo ya kupolisi amalipiritsa? Mwana wa mnzanga anauzidwa kuti apereke ndalama.

Kalaliki Wopuma
Belo ya kupolisi ndi yaulere, Mai Busa. Yaulere. Ya kukhoti ndi imene majisitireti angalamule ndalama ya chikole, ndipo imeneyo mumalipira ku ofesi ya khoti, amakupatsani lisiti, mlandu ukatha mumakaitenga ngati munthu sanathawe. Ambiri sadziwa, amaisiya. Lisiti limenelo muzilisunga ngati khadi la kusikelo.

Wa ku Joni
Ine chimene chimandizunguza mutu ndi ichi. Makhoti omwewa ndi amene pa 3 Febuluwale 2020 anafafaniza chisankho cha pulezidenti. Majaji asanu aja, Potani, Kamanga, Kapindu, Madise ndi Tembo, ankayenda atavala zoteteza zipolopolo, anakana ziphuphu, mpaka analandira mphoto ya Chatham House ku London. Kuno ku Johannesburg anzathu a ku Zimbabwe ankatipatsa moni waulemu sabata imeneyo. Ndiye dziko loti likhoza kuchotsa pulezidenti kudzera kukhoti likulephera bwanji kupeza fayilo ya mbuzi?

Agogo Aphiri
Chifukwa pa mlandu wa chisankho dziko lonse linali tcheru pa wailesi. Pa mlandu wa mbuzi amene ali tcheru ndi Nachisale yekha.

Wophunzira Malamulo ku Zomba
Agogo mwanena. Ndipo tisaiwale kuti pali zigamulo zina zabwino zimene zinathandiza anthu wamba. Mayeso Gwanda anali wogulitsa majumbo, anamangidwa mbandakucha mu 2015 akupita ku Limbe kukagulitsa, mlandu wake wa vakabu. Sanangovomera n'kulipira faindi ngati ambiri. Mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu linathetsa gawo la lamulo limene apolisi ankamangira anthu vakabu. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti linati si aliyense wopezeka wolakwa pa kupha amene ayenera kupatsidwa chilango cha imfa, jaji aziona mmene zinachitikira. Chifukwa cha chigamulo chimenecho akaidi oposa 150 anamvedwanso ndipo ambiri anatuluka. Koma taonani, kumvedwansoko kunayamba 2015, patatha zaka 8, ndipo ena mafayilo awo anali atasowa kale. Fayilo yomweyo.

Bambo a Tadala
Vakabu inathetsedwa? Nanga amene amasesedwa usiku m'matauni muno amawamanga ndi chiyani?

Wophunzira Malamulo ku Zomba
Gawo lija linathetsedwa, koma pali magawo ena oyandikana nalo amene amagwiritsidwabe ntchito. Mu 2022 Khoti Lalikulu ku Zomba linagamulanso kuti kusesa anthu mwachisawawa n'kosemphana ndi Malamulo Aakulu, pa nkhani imene inachokera ku Kasungu. Chigamulo chimatuluka, koma wapolisi wa usiku ndi munthu amene akumusesayo onse awiri sanachimve.

Kalaliki Wopuma
Pamenepo pali nkhani ya chiyankhulo imene palibe waitchula. Malamulo athu ali m'Chingerezi. Zolemba za khoti zili m'Chingerezi. Ine ndinkamasulira. Munthu akafunsidwa "ukuvomera kapena ukukana?" amayankha kuti "ndikuvomera kuti ndinali pomwepo, koma..." ndipo womasulira wotopa amangoti wavomera. "Koma" uja watayika, munthu walowa zaka. Kuba ziweto chilango chake chimatha kufika zaka 14, si masewera. Achemwali, muwauze achimwene anu kuti tsiku la mlandu asachite manyazi. Ngati sanamve anene kuti sindinamve. Ali ndi ufulu wofunsa mafunso mnyamata amene anamutchulayo.

Wa ku Joni
Nanga za majaji a ziphuphu zija zinatha bwanji? Chaka cha 2024 Facebook yonse inali moto ndi loya uja Alexious Kamangila.

Wophunzira Malamulo ku Zomba
Zimene ananena zinali zonena iye, sitingaweruze munthu pagulu pano. Koma phokoso lija linakankha zinthu. Bungwe la Judicial Service Commission linalengeza kuti lifufuza madandaulo, ndipo mu Disembala 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo okonzanso bungweli ndi kayendetsedwe ka makhoti, zimene a Malawi Law Society anakhala akupempha kwa zaka. M'mbuyomo, mu 2022, anakhazikitsanso nthambi ya Khoti Lalikulu yoona milandu ya zachuma ndi katangale. Ine ndimaona kuti kulemba malamulo timatha. Chimene chikusowa ndi chakuti wophwanya malire a masiku 30 aja palibe chimamuchitikira. Wofufuza amene anasiya fayilo ya achimwene a Nachisale analandira malipiro ake mwezi uliwonse. Munthu akasumira boma chifukwa chomangidwa popanda chifukwa n'kupambana, ndalama zimachokera ku misonkho yathu, osati m'thumba la amene analakwitsa, ndipo kuti uzilandire umadikiranso zaka.

Mwana wa Wapolisi
Mukayamba kudula malipiro a wapolisi chifukwa cha galimoto yopanda mafuta, palibe adzafune kukhala wofufuza.

Wophunzira Malamulo ku Zomba
Osati chifukwa cha mafuta. Chifukwa chosamuka osasiyira mnzake fayilo. Pamenepo sipafunika dizilo.

Kalaliki Wopuma
Ine ndikanakhala ndi mphamvu ndikanayamba ndi chinthu chotchipa. Mkulu wa ndende iliyonse Lolemba lililonse atumize kwa majisitireti mndandanda wa onse amene masiku awo apitirira. Majisitireti asayine kuti wauona. Munthu akapitirira miyezi itatu dzina lake lili pamndandanda, tidziwe woti timufunse. Za makompyuta ndi milandu ya pa vidiyo zimene ayamba kuyesazi n'zabwino, koma kumakhoti ena kumene ndinagwirako ngakhale magetsi kunalibe.

Bambo a Tadala
Ndipo wa mbuzi akapezeka wolakwa azikasesa kuchipatala kapena kukumba zimbudzi za sukulu, azigona kwawo. Lamulo la ntchito zothandiza dera lija lilipo kale, si choncho?

Kalaliki Wopuma
Lilipo, pa milandu ing'onoing'ono. Koma pamafunika woyang'anira kuti munthuyo akugwiradi ntchito. Akasowa woyang'anira, majisitireti amaona ndende kukhala yosavuta.

Nachisale
Abale, ndabweranso patatha masiku 12. Ndinapita ku Legal Aid monga munandiuzira. Ndinadikira kuyambira m'mawa mpaka masana chifukwa anthu anali ambiri, koma anandimvera, analemba zonse. Mayi wina wa kumeneko anapita kundende kukaonana naye. Dzulo anamubweretsa kukhoti. Fayilo yapezeka. Sindinafunse kuti inali kuti. Majisitireti atawerengetsa masiku anapukusa mutu, anamupatsa belo. Akufuna anthu awiri omuimira okhala ndi ziphaso za unzika, ndipo azikaonekera kupolisi Lachisanu lililonse. Ine ndi amalume tasayina lero. Watuluka. Waonda, miyendo yatupa, akutsokomola. Mawa ndimupititsa kuchipatala akamuyeze. Mlandu akuti upitirira mwezi wamawa.

Mai Busa
Alemekezeke Mulungu! Akamuyeze makhololo mayi, musachedwe, ndipo ana asagone naye chipinda chimodzi mpaka zotsatira zituluke.

Wa ku Joni
Miyezi 7 fayilo kusowa, loya kungofika yapezeka. Ndangodutsa ine.

Kalaliki Wopuma
Lachisanu lililonse asaphonye, ngakhale mvula igwe. Akapita azionetsetsa kuti alemba m'buku. Akaphonya kamodzi amubweza, ndipo inu ndi amalume ndi amene mudzafunsidwe.

Ndinalawako
Achemwali, mumufunse za amene wawasiya m'selo. Aliyense wotuluka amatumidwa.

Nachisale
Mwadziwa bwanji? Watuluka ndi kapepala ka sopo, kuseri kwake alembapo maina 11 ndi midzi yawo. Akuti ena abale awo sakudziwa n'komwe kuti ali kumeneko, amayesa anapita ku Mozambique kukagwira ganyu. Mmodzi akuti watha zaka ziwiri pa nkhani ya njinga. Ndilembe mainawo pano?

Adimini
Ayi, maina pagulu ayi.

Wophunzira Malamulo ku Zomba
Jambulani kapepalako munditumizire kumbali, china mukapereke kwa mayi uja wa Legal Aid. Amene muli ku Dedza ndi ku Ntcheu mundiuze, mwina midzi ina ili kufupi ndi kwanu, tipeze abale awo. A Kalaliki, kalata yopita kwa majisitireti yokumbutsa za munthu amene wakhalitsa pa rimandi imayamba bwanji? Ndikufuna tilembe imodzi m'Chichewa yoti aliyense azingosintha dzina ndi tsiku.

Kalaliki Wopuma
Ndipatseni mpaka madzulo, magalasi anga ndawasiya kutchalitchi.